Mtolo Umene Juliet Sanalandire

Kasenengwa
9 Febuluwale 2025

Mlongo wanga Zelipa,

Moni wochuluka kuchokera kuno kumudzi. Kaya uli bwanji ku Lusakako? Ife tadzuka. Mlamu wako Elesi ndi ana ali bwino, chimanga chamasula. Ndikulemba papepala chifukwa amayi akana za foni. Akuti nkhani ya ng'ombe si yokambira pamwamba pa chulu, dzanja lili m'mwamba kusaka netiweki, mudzi wonse ukumvetsera.

Nsenjere ya kudimba kwa amayi yadwala. Mvula ikugwa bwino, koma iyo m'malo mokula ikubwerera pansi. Masamba achita chikasu, ndi ang'onoang'ono, othinana ngati tsache. Chaka chatha nthawi ngati ino ndikalowamo sindinkaoneka, lero ikundilekeza m'mawondo. Ukudziwa wekha kuti tchire likapsa m'chilimwe, ng'ombe yathu Nkhunda imadalira nsenjere imeneyi basi. Ndipo ng'ombeyo yangotenga kumene bere.

Ine ndawauza amayi mosapita m'mbali kuti ikafika Ogasiti tilibe udzu, Nkhunda ipite kwa wa butchala ku Chipata isanaonde. Anatenga mpango wawo n'kupita kukhola, ndinawapeza akuikanda pakhosi, akulankhula nayo. Ndikudziwa kuti ndi ng'ombe yomaliza imene atate anasiya, koma kodi idzadya chikondi? Kuyambira tsiku limenelo chakudya amangochigwira n'kusamba m'manja. Mtima ukundiwawa, mlongo wanga, ngakhale pamaso pawo ndimalimba.

Tsono iwe. Tsiku lija unatiuza kuti wapeza ntchito yoyeza udzu tinaseka mpaka kugwira nthiti. Lero palibe akuseka. Tiuze mankhwala opopera ndikagule ku tauni. Yankho ulipereke pa basi, alisiye kusitolo ya a Matiyasi ku Kapata monga mwa nthawi zonse.

Amayi akuti ndikufunse ngati mu Lusaka monsemo amuna anatha. Ine ndangopereka uthenga.

Ndine mlongo wako,
Mateyu

Lusaka
19 Febuluwale 2025

Achimwene okondedwa,

Ndalandira kalata yanu. Ine ndili bwino, kungoti nkhani ya amayi yandisowetsa mtendere. Muwapatse moni, ndipo muwauze kuti amuna alipo ambiri, koma akangomva kuti ndimayeza udzu amakumbukira kuti ali ndi kopita.

Mankhwala opopera palibe, musavutike kupita ku tauni. Mmene mwafotokozeramo, matendawo ali m'kati mwa tsinde. Amayenda ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono, komanso ndi anthu akamagawana mbewu. Tsinde limene ladwala silichira.

Koma musataye mtima. Nsenjere ndi udzu wa kwathu konkuno, inamera yokha m'mitsinje yathu kuyambira kalekale, ndipo ili ndi mabanja ambiri monga anthu. Matenda amene agwetsa banja limodzi akhoza kulephera pa banja lina. Vuto n'lakuti ndi maso simungasiyanitse mabanjawo. Apa ndiye pali ntchito yanga ija munkaiseka. M'tsamba lililonse muli chimene timachitcha DNA. Ndicho chimachititsa kuti inu mukhale ndi mphuno ya atate, ine ya amayi. Makina athu amachiwerenga n'kutiuza ngati nsenjere ziwiri zili pachibale, ndiponso ngati chibalecho n'chapafupi kapena chapatali. Tikapeza zosiyana ndi ya amayi, zathanzi, tidzabzala zimenezo.

Ndaika maenvulopu makumi awiri. Lililonse lili ndi timikanda toumitsa tsamba kuti lisawole panjira. Si timikanda ta m'khosi, muwauze alamu, ndipo ana asatilawe. Muthyole nsonga ya tsamba lanthete, muike mu envulopu, mulembe dzina la mudzi. Chachikulu n'chakuti malowo akhale otalikirana. Musatenge mawiri padimba limodzi.

Akuluakulu anga kuno kosungira mbewu akondwa kwambiri, chifukwa nsenjere za kwathu ku Chipata sitinaziyezepo. Akuti zimene tipeze tidzazisunganso kuno kuti zisadzathe.

Nkhunda musaigulitse ndisanakuyankheni, ndapota nanu.

Ndine mlongo wanu,
Zelipa

Kasenengwa
24 Malichi 2025

Dokotala wa udzu,

Moni. Tonse tili bwino, mondokwa tayamba kudya. Kaya iwe kumeneko?

Maenvulopu ako onse ndadzaza, ndi awa. Unati malo otalikirana? Iwe, ine ndatalikira! Njinga yanga ikanakhala ndi pakamwa ikanakutukwana. Ndinayambira kwa amayi aakulu ku Madzimoyo, ndinapita kwa azakhali ku Chiparamba, ndinatsikira ku Mtenguleni anthu atangobalalika ku mwambo wa Nc'wala, mpaka ndinakafika ku Tamanda kwa Memory, mwana wa amayi aakulu, pang'ono ndilowe m'Malawi. Kulikonse kumene kuli m'bale wathu ndinapondako. Kwa amayi aang'ono a Juliet kokha, kuseri kwa Mtenguleni, ndiye ndinangodutsa pamsewu. Ukudziwa kuti kumeneko sitipatukako.

Ntchito yako ili ndi ubwino umodzi. Sindinadyepo nkhuku zambiri chonchi chibadwire. Paliponse ndikafika, mphasa, madzi, kenako ndikumva nkhuku ikulira kuseri. Ndikanena kuti ndabwera kudzatenga tsamba limodzi la udzu, anthu ankayang'anana. Azakhali anandikokera pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Iwo ankaganiza kuti Elesi wandithamangitsa.

Koma ndaona chinthu chimene chandidetsa nkhawa. Si kwathu kokha. Ku Madzimoyo nsenjere yachita chikasu, ku Chiparamba chimodzimodzi, ku Tamanda yangoyamba kumene. Memory akuti mbuzi zake zikuikana.

Amayi m'mawa uliwonse amapita kudimba kukaima, manja kumbuyo. Dzulo anandifunsa kuti makina akowo amagwira ntchito ndi Lamlungu lomwe kapena amapuma. Fulumira, mlongo wanga.

Ndine,
Mateyu

Lusaka
6 Meyi 2025

Achimwene,

Moni kwa nonse. Pepani kuti ndachedwa, zoyeza zimatenga nthawi, ndipo ndinabwereza kawiri chifukwa sindinakhulupirire maso anga.

Masamba onse makumi awiri ndi a chomera chimodzi. Sindikunena kuti ali pachibale. Ndikunena kuti ndi chimodzi chenicheni, ngati munthu wadula nzimbe imodzi n'kuigawa m'mapaketi. La ku Tamanda, la ku Madzimoyo, la kudimba kwa amayi, palibe kusiyana ngakhale pang'ono.

Achimwene, ndiuzeni zoona. Njinga ija inachokadi pakhomo? Kapena munakhala pansi pa mtengo wa mango kudimba, n'kumathyola masamba, n'kumalemba mayina a midzi? Nkhani ya nkhuku ija munaikometsa kwambiri, ndinaseka, koma lero ndikuikayikira. Ndinaima pamaso pa akuluakulu anga n'kunena kuti mlongo wanga wayenda dera lonse la Chipata. Manyazi ndinachita, koma manyazi si kanthu. Chikundiwawa n'chakuti miyezi iwiri yapita, udzu wa mutchire wayamba kuuma, ndipo tilibe chomupatsa Nkhunda.

Ngati munatopa mukanangonena. Ndaikanso maenvulopu ena.

Zelipa

Kasenengwa
17 Meyi 2025

Zelipa,

Kalata yako ndawerenga. Matayala onse awiri a njinga ndinasintha chifukwa cha udzu wako, ndipo sabata yathunthu ndinkakhala pampando chammbali. Lero ndine wabodza. Udzu wako uziyendera wekha. Pachulu sindikweranso, usavutike n'kuimba.

Mateyu

Kasenengwa
2 Juni 2025

Mwana wanga Zelipa,

Atamandike Yesu Khristu. Wolemba ndi Elesi, wolankhula ndine mayi ako. Kodi uli bwanji? Ukudya? Ife tikukolola, miyendo ndiyo ikuvuta ndi kuziziraku.

Mlongo wako sananame. Anapitadi, ndipo anabwera atada ngati chikuni. Makina akonso sananame. Elesi atandiwerengera kalata yako ndinaseka koyamba chaka chino, chifukwa makinawo anena chinthu chimene ine ndikuchidziwa, koma palibe anandifunsa.

Nsenjere ija ndi ya agogo ako aNaZulu, mayi anga. Anabwera nayo pamutu kuchokera kwawo tsiku limene ankalowa m'banja. Kuyambira pamenepo, mwana wamkazi aliyense wa pamtundu pathu akamapita kwa mwamuna, mayi wake amamudulira mtolo wa mbewu ya nsenjere, amaumanga ndi luzi ndi kansalu kong'amba kuchitenje chake, n'kumusenza pamutu. Mkwatibwi akafika amaubzala m'mphepete mwa dimba. Ine wanga ndinabwera nawo kuno. Akulu anga anapita nawo ku Madzimoyo, iwo anamangira Memory wa ku Tamanda. Azakhali ako ndinawagawira ndine. Tsono Mateyu anapita kwa abale okhaokha. Nanga akanalowa m'dimba la mlendo n'kumathyola masamba? Akanamuyesa mfiti. Iwe sunaudziwe mwambowu chifukwa wako sindinamange, ndikudikirabe.

Mmodzi yekha ndiye anachoka popanda mtolo, mng'ono wanga Juliet. Iwe unali usanabadwe. Anathawa ndi Paulo, dalaivala wa lole ya thonje, malowolo asanaperekedwe, kutchalitchi osapita. Agogo ako analumbira kuti mtolo sadzauona. Agogo anamwalira, Paulo nayenso anamwalira, koma mawu aja anatsala, ndipo ife tinazolowera kungodutsa. Timaonana pamaliro, timapatsana moni wa pamaliro, basi. Koma ndimamva kuti ali ndi ng'ombe zonenepa, ndi nsenjere yaitali kuposa denga. Kumene anaitenga sindikudziwa. Kwa ife sanaitenge.

Ndaganiza kuti ndipiteko ndekha. Sindingakapemphe chimanjamanja kwa munthu amene tinamumana. Tikatsiriza kukolola, Lolemba la pa 16 Juni, ndidula mbewu pa nsenjere imene yatsalako, ndimanga mtolo wake uja, ndikaubzala ndi manja anga m'dimba mwake pafupi ndi yakeyo. Ukhale mtolo wa mayi athu. Akandithamangitsa, andithamangitse. Nkhunda sindingaione ikukwera lole ya butchala ine ndili moyo.

Upepese kwa mlongo wako.

Ndine mayi ako,
Yosefina

Alamu, ndi ine Elesi tsopano. Achimwene anu akadali otupa, koma kalatayi amaimvetsera ali kuseri kwa chitseko. Foni anaitsekera m'sutikesi.

Lusaka
11 Juni 2025

Amayi, achimwene, alamu, aliyense amene ayambe kutsegula kalatayi,

Mtolowo usapite! Chonde, usapite. Matenda ali m'kati mwa mbewuyo, ngakhale tsinde limene likuoneka labwino. Mukakaubzala m'dimba mwa amayi aang'ono, mukapha nsenjere yokhayo imene ingatipulumutse. Pitani ndi shuga, pitani ndi nkhuku, pitani ndi chitenje, koma pa nsenjere yathu musatengepo ngakhale kachidutswa.

Kalata yanu yandipeza lero masana. Ndaimba foni mpaka chala kuwawa, siikulowa. Ndikuthamangira kokwerera mabasi kuti iyi inyamuke lero lomwe.

Achimwene, ndinalakwa. Ndinakunenani bodza inu mutayenda ulendo wonse uja. Ndinati malo otalikirana, sindinati anthu osadziwana, ndipo inu munachita zimene ndinanena. Mundikhululukire, mundikalipire mmene mungafunire, koma tulutsani foni m'sutikesi.

Amayi, ndalira powerenga za mtolo. Pitani ndithu kwa mng'ono wanu. Mupite ndi maenvulopu aja.

Mwana wanu,
Zelipa

Kasenengwa
29 Juni 2025

Mlongo wanga,

Moni. Khala pansi kaye usanawerenge, koma usaope.

Kalata yako yoti mtolo usapite ndailandira Lachitatu lapitali, ife titapita kale n'kubwerako. Inagona kusitolo ya a Matiyasi pansi pa katoni ya sopo. Nditaiwerenga ndinakhala pansi, Elesi anachita kundipatsa madzi.

Tinapita ndi mtolo. Amayi anaumanga bwinobwino, anang'amba chitenje chawo cha Chikatolika chija amachikonda. Tinakwera kagalimoto mpaka ku Mtenguleni, kotsalako tinayenda pansi, iwo atausenza pamutu, kukana kuti ndiwalandire. Wina ayenera kuti anatiwona n'kuthamanga, chifukwa amayi aang'ono tinawapeza ataima pamphambano, kutali ndi nyumba, manja m'chiuno. Afanana ndi amayi, iwe, mpaka kaimidwe.

Amayi anagwada pafumbi n'kunena kuti, "Juliet, ndabwera ndi mtolo wako." Amayi aang'ono anauyang'ana mtolowo. Kenako anati, "Wachedwa umenewo. Ana anga anakula popanda iwo. Anthu lowani, mumwe madzi, koma mtolowo utsale pamsewu pompano." Ine magazi anawira, ndinafuna kuti tibwerere. Amayi anandigwira malaya. Anautula pansi pa mtengo, tinalowa.

Anatiphikira, tinadya. Awiriwo ankangofunsana za miyendo ndi za mvula. Nditatchula za iwe ndi maenvulopu, amayi aang'ono anaseka n'kundilondolera kudimba. Zelipa, nsenjere ndinaiona ine! Yobiriwira, yaitali, ina ya tsinde lonenepa, ina yaubweya, ina yofiirira. Akuti atamanidwa mtolo anati nsenjere si ya aNaZulu okha, Mulungu anaibzala m'mitsinje yonse. Tsono akamayenda ndi a Paulo pa lole, paliponse pamene aima pamtsinje ankatsika ndi khasu. Ina anakumba ku Lutembwe, ina ku Msandile, ina akuti anaiwala. Ndathyola tsamba pa phata lililonse, ngakhale unati mawiri padimba limodzi ayi. Undikalipire.

Pobwerera amayi anautola mtolo uja n'kuusenzanso. Analira njira yonse mpaka pamsewu waukulu. Ine ndinkawatukwana amayi aang'ono chamumtima, osadziwa kuti mwano wawowo ndiwo wapulumutsa dimba. Mtolowo ndauwotcha dzulo, kansalu kokha amayi asunga.

Nkhani yovuta ndi iyi. Nkhunda nthiti zayamba kuwerengeka. Mapesi a chimanga atifikitsa mu Ogasiti, kupitirira apo palibe. Wa butchala ndalankhula naye, akuti abwera kumapeto kwa mwezi umenewo. Amayi sindinawauze. Kupempha mbewu kwa amayi aang'ono sitinapemphe, tinachita manyazi.

Za kupepesa zija ndamva. Foni ndatulutsa. Ukadzabwera udzandigulire chishalo cha njinga chofewa.

Mlongo wako,
Mateyu

Lusaka
12 Ogasiti 2025

Amayi aang'ono a Juliet,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndine Zelipa, mwana wa akulu anu a Yosefina. Tinaonana kamodzi pamaliro a atate, munandipatsa madzi osamba m'manja, koma sitinalankhulane. Kalatayi ibwera ndi achimwene a Mateyu. Kodi muli bwanji, ndi abale anga amene sindiwadziwa?

Masamba a m'dimba mwanu ndawayeza. Abale onse, kuyambira ku Madzimoyo mpaka ku Tamanda, ali ndi nsenjere imodzi yokha, ya agogo, ndipo yadwala konsekonse. M'dimba mwanu mokha ndapezamo mabanja asanu ndi awiri osiyana, ndipo m'masamba onse sindinapezemo matenda. Nditaona zotsatira ndinakuwa, anzanga anathamanga kuganiza kuti ndapsa ndi magetsi.

Sindingakunamizeni kuti zonse zisanu ndi ziwirizo sizidzadwala. Mwina zina zidzagwa. Koma n'kovuta kuti zigwe zonse pamodzi monga yagwera ya agogo. Akuluakulu anga akupempha kuti, mukalola, titengeko mbewu pa banja lililonse tidzabzale kuno kosungira mbewu, chikwangwani chake chikhale ndi dzina lanu. Ya agogo nayonso tidzaisunga payokha, kuti tiyese kuichotsa matenda.

Pempho lachiwiri ndi la pakhomo. Mvula ikagwa, amayi akufunika mbewu. Iwo sangathe kukupemphani, ndiye ndikupempha ine. Ng'ombe yawo, yomaliza ya atate, ili ndi bere ndipo yaonda. Achimwene apangana ndi wa butchala kumapeto kwa mwezi uno. Mbewu ya mu Disembala ng'ombeyo siidzaiona, ndikudziwa, koma mwina amayi adzapeza pogwira mtima. Mukakana sindidzakudandaulani, chifukwa zimene munachitidwa ndazimva.

Ndine mwana wanu,
Zelipa

Mtenguleni
24 Ogasiti 2025

Zelipa,

Moni mwana wanga. Ndili bwino. Kalata ndalemba ndekha, ine sukulu ndinapitako, usaone kuthawa ndi dalaivala.

Zaka zonsezi anthu ankati Juliet wopenga, amatsika lole kukakumba udzu. Lero udzuwo ukufuna chikwangwani ku Lusaka! Paulo akanakhalapo akanaliza hutala mudzi wonse. Bwerani mudzatenge. Dzina mulembe lonse, Juliet Zulu, la kwa mayi anga, chifukwa limenelo palibe anandilanda.

Koma inu ana a masiku ano nzeru zanu zili bwanji? Mukupempha mbewu ya mu Disembala, ng'ombe ikufa mu Ogasiti? Mateyu ndamukalipira mpaka anavula chipewa. Ng'ombe ya bere kupita nayo ku butchala, udzu uli mbwee kuno? Ndamuuza akatenge chikalata kwa alangizi a ziweto, abwere nayo kuno pang'onopang'ono, izipuma panjira. Idya kuno mpaka mvula. Udzu wa kwanu asabwere nawo, ngakhale womata kuchiboda.

Mayi ako uwauze kuti sindinawakhululukire zonse. Koma anagwada pafumbi ndi miyendo yotupa ija, ndipo chichokereni iwo tulo sindikuliona bwino. Ng'ombe ikabwera azibwera kudzaiona. Mphasa ilipo.

Ndine mayi ako wamng'ono,
Juliet

Kasenengwa
26 Januwale 2026

Mwana wanga Zelipa,

Atamandike Yesu Khristu. Elesi akulemba, ine ndikulankhula. Uli bwanji? Tinamva kwa Mateyu kuti mbewu zija munatenga zaphuka kumeneko, ndi kuti chikwangwani chalembedwa. Juliet akufuna chithunzi, akuti achipachike pafupi ndi cha Paulo.

Ndikuuze zonse mwa dongosolo, chifukwa pachulu paja munthu sumaliza nkhani. Mu Okutobala tinazula nsenjere ya agogo ako monga unanenera, mpaka mizu, n'kuiwotcha. Khasu loyamba ndinaponya ndine. Ndinalira, sindibisa. Ndinkaona ngati ndikuwaikanso m'manda mayi anga. Chinandilimbitsa n'chakuti unati kwanuko yatsalako.

Kwa Juliet ndinapitako kangapo. Ulendo woyamba tinakamba za ng'ombe zokhazokha. Wachiwiri tinakangana za amene anaswa mtsuko wa mayi tili ana, ndipo mpaka lero akukana. Wachitatu ndinagona komweko. Nkhunda inabereka ine ndili pomwepo, mu Novembala, kamwana kakakazi.

Khirisimasi itayandikira, tsiku lina masana ndinamva ana akukuwa kumsewu. Ndituluke, ndikuona ngolo, m'ngolomo muli kang'ombe ndi mbewu ya nsenjere yodzaza, pambuyo Nkhunda ikuyenda yonenepa, ubweya ukuwala, ndipo pambuyo pa Nkhunda pali Juliet ndi ambulera. Anatsitsa mtolo umodzi womangidwa ndi luzi ndi kansalu ka chitenje chake. Anati, "Akulu, weramani." Ndinawerama. Anandisenza pamutu n'kuyamba nthungululu, Elesi anapokera, akazi a mudzi wonse anatuluka. Ine nkhalamba ya imvi ndinayenda kuchokera pabwalo mpaka kudimba ngati mkwatibwi, Mateyu akuseka uku akupukuta m'maso.

Tabzala tsidya lina la mtsinje, kutali ndi malo akale, banja lililonse mzere wake. Mizere isanu ndi umodzi yaphuka bwino, yandifika m'chiuno, yobiriwira bii. Umodzi ukuchita ulesi, tikuuyang'anira. Akulu anga a ku Madzimoyo atumiza kale uthenga wopempha mbewu. Ndawayankha kuti mwini wake ndi Juliet, njira akuidziwa, apite okha.

Wa butchala uja anabwera Loweruka kudzafunsa ngati ng'ombe ija idakalipo. Ndinati ilipo. Ndinamupatsa mpando, ndinamuthirira kapu ya mkaka wa Nkhunda, anamwa, anathokoza, anapita.

Tsono za iwe. Kansalu kaja ndinang'amba kuchitenje cha Chikatolika ndinakasunga, ndipo Juliet wandisiyira kena ka chitenje chake. Tagwirizana kuti wako timangira awiri, ndipo mukhala mabanja onse asanu ndi awiri. Za mwamuna sindifunsanso. Ubwere naye, ubwere wekha, uthawe ndi dalaivala, zako zimenezo. Pakhomo pano mwana wamkazi sadzachokanso chimanjamanja. Bwera nthawi ya Nc'wala udzasenze mtolo wako, mkaka ukadalipo.

Ndine mayi ako,
Yosefina